Kukonza mapemphero a Lamulungu kuti mpingo wonse uyimbe nawo

Munthu amene wapatsidwa udindo wokonza mwambo wa mapemphero mu mpingo wolankhula Chichewa kuno ku Harare ayenera kuyamba waganizira za anthu amene adzakhale pa mabenchi, asanatsegule n'komwe buku la nyimbo. Mipingo yathu ili ndi mbiri yaitali mu mzinda uno. Anthu ochokera ku Nyasaland anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, ku njanji ndi m'nyumba za azungu, ndipo mu 1912 Mbusa T.C.B. Vlok wa mishoni ya Dutch Reformed anawatsatira kudzawatumikira, pamene mzindawu unkatchedwa Salisbury. Mu 1965 mipingo ya CCAP yakuno inakhala sinodi payokha, itakhala zaka zambiri pansi pa Nkhoma. Zipatso za mbiri imeneyi zimaoneka Lamulungu lililonse: pa benchi limodzi pamakhala agogo amene anabadwira ku Dedza kapena ku Ntcheu, mwana wawo amene anakulira ku Mbare, ku Highfield kapena ku Mufakose, ndi mdzukulu amene Chichewa amachimva koma poyankha amayankha m'Chishona. Pambali pawo pamakhalanso mnyamata amene wangofika kumene kuchokera ku Malawi, amene Chishona sachidziwa ngakhale pang'ono.

Ntchito ya wokonza mapemphero ndi kuonetsetsa kuti anthu onsewa atsegule pakamwa ndi kutamanda Mulungu. Kwaya ingayimbe mokoma chotani, mlaliki angalalikire mwamphamvu chotani, ngati mpingo wangokhala duu n'kumaonerera, ndiye kuti kukonzako kunaphonya penapake. Malangizo otsatirawa akuyenda ndi masiku a sabata, chifukwa mapemphero abwino a Lamulungu amayamba kumangidwa Lolemba.

Yambani ndi Mawu, ndipo yambani msanga

Choyamba ndi kupeza ndime ya m'Baibulo imene idzalalikidwe, ndipo izi zichitike Lolemba, zikachedwa Lachiwiri. Imbirani foni abusa, kapena mkulu wa mpingo amene ali pa mndandanda wa olalikira, ndi kuwafunsa mwaulemu kuti, “Abusa, Lamulungu likubwerali tidzawerenga pati, ndipo mukufuna kuti anthu adzapite kwawo ndi mfundo iti?” Musakhutire ndi dzina la buku ndi chaputala chokha. Pemphani chiganizo chimodzi chonena za uthengawo, chifukwa nyimbo, mapemphero ndi mawu oitanira anthu ku chipembedzo zonse zidzachokera m'chiganizo chimenecho. Alaliki ena sakonda kufunsidwa msanga chotere, ndipo amati Mzimu adzawapatsa mawu Loweruka usiku. Ayankheni mofatsa kuti Mzimu yemweyo angathe kulankhulanso Lolemba, pamene oyimba akadali ndi masiku okonzekera.

Tiyerekeze kuti ndime yake ndi Luka 17:11-19, nkhani ya akhate khumi amene anachiritsidwa, mmodzi yekha n'kubwerera kudzathokoza, ndipo wobwererayo anali Msamariya amene Yesu anamutcha mlendo. Chiganizo cha mlaliki chingakhale chakuti wolandira chifundo abwerere kudzathokoza. Pamenepo wokonza wapeza kale poyambira. Mawu oitanira angachokere pa Salmo 103, pamene wamasalmo akuuza moyo wake kuti usaiwale zokoma zonse zimene Yehova anauchitira. Pemphero lovomereza machimo likhudze kuiwala kwathu. Nyimbo yotsatira ulaliki ikhale yoyamika. Ndipo chopereka chibwere ulaliki utatha, kuti chikhale yankho la mpingo pa zimene wamva.

N'kwabwinonso kukhala pansi ndi bwalo la akulu a mpingo kamodzi pa miyezi itatu ndi kulemba masiku akuluakulu pa kalendala. Tsiku la Pasaka limasintha chaka ndi chaka, koma nthawi zonse limagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo Pentekosite amabwera patapita masabata 7. Onjezanipo masiku a mgonero, a ubatizo, a masika ndi a amayi a Chigwirizano kapena a Mvano. Kalendala yakuno ilinso ndi zakezake. M'sabata yachiwiri ya Ogasiti, pa tchuthi cha Heroes' Day, anthu ambiri amatuluka mu mzinda, ndipo mu Disembala mabanja athunthu amakwera basi kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete kukaona abale ku Malawi. Kwaya imene mu Novembala inkadzaza mabenchi atatu ingatsale ndi anthu owerengeka pa Khirisimasi, choncho nyimbo za tsikulo zisankhidwe moganizira amene adzakhalepo.

Kusankha nyimbo

Pofika Lachitatu nyimbo zikhale zitasankhidwa. Pa mapemphero a maola awiri, nyimbo zinayi kapena zisanu za mpingo wonse n'zokwanira, ndipo iliyonse ikhale ndi ntchito yake. Yoyamba ikhale yotamanda, yodziwika kwa aliyense, yoti munthu angathe kuiyimba ngakhale akupukuta thukuta atangotsika kombi. Yachiwiri ibwere pambuyo pa kuvomereza machimo ndi kumva mawu a chikhululukiro. Yachitatu, yokonzekeretsa mitima kumva Mawu, ikhale yaifupi ndi yodekha. Imene imafuna kuiganizira mozama ndi yotsatira ulaliki, chifukwa ndi m'nyimbo imeneyi mmene mpingo umayankha uthengawo ndi pakamwa pake. Werengani ndime zake zonse musanaisankhe. Nyimbo zina za m'buku la Nyimbo za Mulungu zimayamba ndi mfundo ina n'kuthera pa ina, ndipo si zachilendo kumva mpingo ukuyimba mawu a pamaliro pa tsiku la ubatizo wa makanda chifukwa wosankhayo anangokumbukira mzere woyamba. Ngati nyimbo ndi yaitali ndipo pali ndime zoti zidumphidwe, sankhani pasadakhale zimene zikugwirizana ndi uthenga, m'malo mwa chizolowezi chongoyimba yoyamba ndi yomaliza.

Nkhani ya makwaya ndi imene otsogolera ambiri amaiopa. Mpingo umodzi umatha kukhala ndi kwaya yaikulu, ya amayi, ya achinyamata, ya Sande sukulu, kuphatikizapo gulu la zoyimbira zamagetsi, ndipo gulu lililonse limafuna kuyimba nyimbo ziwiri. Akulu anati nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo n'zoona kuti mapemphero amakoma ndi mayimbidwe osiyanasiyana. Koma makwaya asanu akayimba ziwiriziwiri za mphindi zinayi iliyonse, mpingo umakhala ukungomvetsera kwa mphindi 40 osatsegula pakamwa. Konzani kasinthasintha woti makwaya awiri okha aziyimba pa Lamulungu, nyimbo imodzi kwaya iliyonse, ndipo auzidwe mutu wa ulaliki msanga kuti asankhe yogwirizana nawo. Mwezi woyamba padzakhala kung'ung'udza. Kumachepa anthu akaona kuti mndandandawo ndi wolembedwa, wapachikidwa poyera, ndipo sukukondera gulu lililonse.

Kenako pali nkhani ya kukwera kwa mawu. Achinyamata oyimba kiyibodi amakonda kutengera kiyi imene anamva pa YouTube, yomwe inakonzedwera woyimba mmodzi waluso, ndipo mpingo ukafika pa kolasi abambo amangosiyira panjira, amayi n'kumaumiriza mawu mpaka kukuwa. Anthu wamba amayimba momasuka kuyambira pa C mpaka pa D wapamwamba. Nyimbo ikapitirira pamenepo itsitseni, makamaka m'mawa wa mu Juni ndi Julaye pamene chisanu cha ku Harare chimaumitsa kukhosi. Yesaninso liwiro lake poyimba nokha mutaimirira: ngati mpweya ukukutherani mzere usanathe, ndiye kuti mukuikoka kwambiri, ndipo ngati mawu akupondana, ndiye kuti mukuithamangitsa.

Nyimbo yatsopano isapitirire imodzi pa mwezi. Lamulungu loyamba iyimbidwe ndi kwaya, anthu akumvetsera. Lamulungu lachiwiri iphunzitsidwe mapemphero asanayambe, mzere ndi mzere, wotsogolera akuyimba mpingo n'kumabwereza, ndipo pambuyo pake iyimbidwe masabata atatu otsatizana kuti ikhazikike. Mawu ake atumizidwe pa gulu la WhatsApp Lachinayi, komanso alembedwe ndi zilembo zikuluzikulu pa bolodi kapena pa chipepala, popeza si onse amene amakhala ndi foni yoteroyo kapena ndalama za intaneti. Muyeso wabwino wodziwira ngati nyimboyo yalowa uli pa benchi la achikulire. Pitani mukawafunse kuti, “Agogo, nyimbo tinaphunzira ija mwaigwira?” Akayankha kuti, “Mwana wanga, mawu ake akuthamanga, ine ndikumangowomba m'manja,” bwererani nayo ku kwaya, ichepetsedwe liwiro kapena isiyidwe kaye.

Chilankhulo cha chigawo chilichonse

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, choncho palibe chochititsa manyazi popembedza m'chilankhulo cha makolo athu pakati pa mzinda wa Harare. Komabe chilankhulo cha pa guwa chiyenera kusankhidwa poganizira kumva kwa anthu. Pa 1 Akorinto 14:16 Paulo akufunsa kuti munthu amene sakumva zimene zikunenedwa adzavomereza bwanji kuti Amen, ndipo funso limeneli ndi loyenera kulifunsa pa chigawo chilichonse cha mwambo.

Njira yake ndi iyi. Lembani dongosolo lonse pa pepala limodzi, kuyambira mawu oitanira mpaka mdalitso, ndipo pambali pa chigawo chilichonse lembani chilankhulo chake ndi dzina la wochitsogolera. Zigawo zimene sizisintha, monga Pemphero la Ambuye, Chikhulupiriro cha Atumwi, Malamulo Khumi ndi mdalitso, ndi bwino zizinenedwa m'Chichewa sabata ndi sabata, chifukwa kubwerezabwerezako n'kumene kumaphunzitsa ana popanda kalasi. Ndime yaikulu ya tsikulo iwerengedwe m'Chichewa ndi m'Chishona. Pakhale nyimbo imodzi ya Chishona, ndipo achikulire aphunzitsidwe nyimboyo moleza mtima monga mmene ana amaphunzitsidwira za Chichewa. Uthenga wa ana unenedwe m'chilankhulo chimene iwo amayankhira, koma vesi loloweza likhale la Chichewa.

Ulaliki ndiye umafuna chisankho cholimba. Kumasulira chiganizo ndi chiganizo kumawirikiza nthawi, kotero mlaliki amene anazolowera mphindi 40 ayenera kukonza uthenga wa mphindi 20 ngati pali womasulira. Womasulirayo alandire ndime ndi mfundo zake pofika Lachisanu, asamadzidzimutsidwe pa guwa ndi miyambi imene sanaimvepo. Mipingo ina imasankha kuti mlaliki alalikire m'chilankhulo chimodzi, kenako mkulu wa mpingo aombe mkota m'chilankhulo chinacho kwa mphindi zisanu. Kwa ine njira yachiwiriyi imasunga bwino moto wa ulaliki, koma imayenda pokhapokha woomba mkotayo akhale wodziletsa, asasandutse mphindi zisanuzo kukhala ulaliki wake.

Gwirizananinso za Baibulo lowerenga poyera. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, ndi limene achikulire ambiri analoweza, pamene Buku Loyera la mu 1998 lili ndi Chichewa chapafupi ndi chimene timalankhula lero. Funsani mlaliki kuti wakonzekera ndi liti, kuopa kuti angadzatsindike mawu amene mulibe m'buku limene lawerengedwa.

Owerenga, opemphera ndi zolengeza

Pa Nehemiya 8:8 timamva kuti buku la chilamulo linawerengedwa momveka, ndipo anthu anathandizidwa kuzindikira tanthauzo lake. Wowerenga apatsidwe ndime yake Lachinayi, ndipo aiwerenge mokweza pamaso pa munthu wina tsiku lisanafike. Izi n'zofunika kwambiri kwa achinyamata amene anaphunzira kuwerenga m'Chishona ndi m'Chingerezi, amene akaona zilembo ph amatha kuzitchula ngati f, kapena kusokoneza l ndi r. Musawachotse pa mndandanda chifukwa cha zimenezi. Apatseni ndime zazifupi ndi munthu wachikulire wowamvetsera, ndipo pakutha pa chaka mudzakhala ndi owerenga odalirika.

Wotsogolera pemphero lopembedzera auzidwe msanga, ndipo alembe mitu yake: odwala, ofedwa, ofuna ntchito, amene akuvutika kupeza ziphaso, abale amene ali ku Malawi ndi ku South Africa, ndiponso atsogoleri a mayiko, monga 1 Timoteo 2:1-2 ikulangizira. Dzina la wodwala lisatchulidwe poyera banja lake lisanavomereze.

Zolengeza ndi zimene zimadya nthawi mwakachetechete. Zonse zifike kwa mlembi wa mpingo pofika Lachisanu, ziwerengedwe ndi munthu mmodzi, ndipo zisapitirire mphindi zisanu. Malipoti a ndalama apachikidwe pa bolodi. Koposa zonse, zolengeza zisaikidwe pakati pa ulaliki ndi nyimbo yoyankha, chifukwa munthu amene mtima wake wakhudzidwa ndi nkhani ya Msamariya uja akangomva za ngongole ya matumba a simenti, kukhudzidwako kumathera pomwepo.

Loweruka masana

Loweruka ndi tsiku loyesa zonse m'nyumba yopemphereramo momwemo. Oyimba ayeserere kaye nyimbo za mpingo, kenako zawo. Kawirikawiri zimachitika mosemphana, nthawi yonse n'kuthera pa nyimbo ya kwaya. Wa kiyibodi alembe kiyi ya nyimbo iliyonse pa pepala la dongosolo, ndipo agwirizane ndi wotsogolera za poyambira ndi pothera.

Aliyense wokhala mu Harare akudziwa kuti magetsi angathe kuzima nthawi iliyonse, choncho konzani mapemphero oti angayende ngakhale popanda magetsi. Ngati pali jenereta, mafuta agulidwe Loweruka. Ngati pali sola, batire likhale lodzaza. Pakhale munthu mmodzi wodziwika amene angayambitse nyimbo iliyonse ndi pakamwa pa mulingo woyenera, ndipo ng'oma ikhale pafupi. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mvula ikamenya pa malata mawu a mlaliki samveka, ndipo n'kwanzeru kusungira nthawi yotero nyimbo imodzi yodziwika yoti mpingo uyimbe podikira kuti ikate. Poyesa zokuzira mawu, munthu mmodzi akaime pa benchi lakumbuyo n'kuyimba nawo. Ngati sakudzimva yekha kapena kumva mnzake wapambali, chepetsani phokoso, popeza anthu amasiya kuyimba akaona kuti mawu awo akumizidwa.

Musaiwale madzi osamba m'manja ndi sopo pakhomo, ndiponso ukhondo wa zimbudzi. Mzinda uno unavutika ndi kolera mu 2008, ndiponso mu 2018 pamene Glen View ndi Budiriro anakhudzidwa kwambiri, ndipo malo amene anthu ambiri amapatsana moni wa m'manja ayenera kusamalidwa.

Lamulungu m'mawa

Wokonza mapemphero afike ola limodzi nthawi isanakwane. Kutatsala mphindi 15, onse amene ali ndi gawo akumane kuchipinda cha akulu a mpingo, aliyense alandire pepala la dongosolo, zosintha zinenedwe, ndipo apemphere pamodzi. Pa nthawi yomweyo m'tchalitchi mukhale mukuyimbidwa nyimbo zodziwika mofatsa, kuti olowa asiye nkhani za panjira ndi kukhazika mitima pansi.

Yambani pa nthawi imene munalengeza, ngakhale mabenchi atakhala kuti sanadzaze. Mukadikira ochedwa, amene anafika msanga amaphunzira kuchedwa. Komabe musawadzudzule pa guwa, chifukwa munthu wochokera ku Epworth, ku Mabvuku kapena ku Chitungwiza nthawi zina amakwera makombi awiri, ndipo Lamulungu kombi imachedwa kudzaza. Olandira alendo pakhomo awaimike mwaulemu pa nthawi ya pemphero ndi ya kuwerenga Mawu, n'kuwalowetsa nyimbo ikayamba.

Wotsogolera mwambo achepetse mawu ake. Polengeza nyimbo atchule nambala kawiri, adikire kuti masamba atsegulidwe, awerenge mzere woyamba, ndipo ngati n'kofunika anene chiganizo chimodzi chosonyeza chifukwa chake nyimboyo ikuyimbidwa pamenepo. Mabuku akachepa, apemphe amene ali nawo kuti aonere limodzi ndi anzawo, ndipo mudzaona mdzukulu akutsata ndi chala mzere umene agogo ake akuyimba pamtima. Pambuyo pa kuvomereza machimo, ndiponso ulaliki utangotha, lolani kuti pakhale chete kwa kanthawi, kiyibodi isakulira. Otsogolera ambiri amaopa bata limeneli ndipo amafulumira kulidzaza ndi mawu, chonsecho ndi pamene munthu amapeza mpata wolankhula ndi Mulungu payekha.

Pa tsiku la mgonero dongosolo lifupikitsidwe kwina kuti gome la Ambuye lisachitidwe mothamanga. Tsikulo lilengezedwe kutatsala masabata awiri, mapemphero okonzekera achitike, zikho zitsukidwe Loweruka, ndipo akulu a mpingo adziwiretu mizere imene aliyense adzatumikire ndi odwala amene adzawayendere kunyumba. Kwaya ikhale imodzi yokha, ndipo nyimbo za pa nthawi yogawa zikhale zimene anthu amazidziwa pamtima, popeza manja awo sadzakhala pa buku.

Mdalitso ukaperekedwa, chopereka chiwerengedwe ndi anthu osachepera awiri, madola a ku America paokha ndi ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024, payokhanso, ndipo onse asaine. Kenako okonza mapemphero akhale pansi mphindi khumi, zinthu zikadali m'mutu, n'kufunsana kuti ndi nyimbo iti imene mpingo unaiyimba ndi mtima wonse, ndi pati pamene anthu anasochera, ndipo ndi chigawo chiti chimene chinadya nthawi ya chinzake. Mayankho alembedwe m'kabuku kamodzi kosungidwa kutchalitchi, pamodzi ndi tsiku, ndime imene inalalikidwa, nambala za nyimbo ndi kiyi yake. Mukadzatsegula kabukuka patapita miyezi itatu, mudzaona nyimbo zimene zabwerezedwa kambirimbiri ndi zimene mpingo wayamba kuziiwala, ndipo zoiwalikazo ndi zoyamba kuziika pa mndandanda wa miyezi itatu yotsatira.